Pulagi yakuda, utsi ndi injini yogwira: kusankha oyilo wa injini yakale ya boti

Vutoli eni maboti amalidziwa bwino. Injini imadzuka bwinobwino m'mawa, koma ikayenda ola limodzi kapena awiri yayamba kudukizadukiza, mphamvu yachepa, utsi uli tolo kumbuyo. Mwini wake amasula pulagi, aipeza yakuda bii ndiponso yonyowa, aipukuta ndi kansalu, injini nkudzukanso, mawa lake zomwezo. Pakapita miyezi, tsiku lina injiniyo imangoti zii pakati pa madzi, chingwe osatheka kukoka. Yagwira. Zimenezi zimaonekera anthu a kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo amene ali ndi maboti ku nyanja ya Chilwa mbali ya Phalombe, komanso amene amaolotsa anthu ndi katundu kumunsi kwa Ruo, kumene mtsinjewu umakathira mu Shire pa Chiromo. Mainjini ambiri otere anagulidwa atagwirapo kale ntchito, buku lake linasowa kalekale, ndipo malangizo a oyilo amangochokera kwa anzathu a padoko.

Langizo lofala padoko ndi lakuti injini ikakalamba imafuna oyilo wolimba komanso wambiri. Ife tikukana. Ukalamba susintha mtundu wa oyilo umene opanga injiniyo anaikonzera. Chimene chimasintha ndi chakuti injini yakale siipirira zolakwika: malingi ake a pisitoni anatha mbali, masilo anauma, ndiye oyilo wolakwika amene injini yatsopano ikanalimbana naye chaka chathunthu, yakaleyo amaimaliza m'miyezi yowerengeka.

Yambani mwadziwa injini imene muli nayo

Vulani chivindikiro muyang'ane. Ngati palibe kachitsulo koyezera oyilo ndipo palibe pothirira oyilo pa injinipo, imeneyo ndi two-stroke, ndipo oyilo wake amasakanizidwa ndi petulo. Yamaha Enduro ya 15, ya 25 ndi ya 40 ili m'gulu limeneli, pamodzi ndi Mariner, Tohatsu, Suzuki, Johnson ndi Evinrude zakale. Ngati kachitsulo koyezera kalipo, ndi four-stroke, oyilo amakhala m'sampu ngati m'galimoto. Gulu lachitatu ndi la dizilo zokhala m'kati mwa boti, kawirikawiri za silinda imodzi, zofanana ndi za pachigayo. Magulu atatuwa sabwerekana oyilo. Ndipo injini iliyonse yopachika kumbuyo kwa boti ili ndi oyilo winanso kunsi, m'giyabokosi pafupi ndi pulopela, amene ambiri amamuiwala.

Two-stroke: zilembo za pabotolo ndiye nkhani yonse

M'injini yosakaniza, oyilo amalowa ndi petulo kudzera m'kabureta, amanyowetsa mabering'i a kilanki ndi makoma a silinda, kenaka amapsa pamodzi ndi petuloyo. Chilichonse chimene chili m'oyilomo chimene sichipsa chimatsalira m'injini. Apa ndi pamene oyilo wa galimoto ndi wa njinga za kabaza amalakwira. Njinga zamoto zimene zadzaza misewu yathu pafupifupi zonse ndi four-stroke, nchifukwa chake m'mashopu a pa Chitakale, pa Limbuli ndi pa Luchenza botolo limene limapezeka msanga ndi lolembedwa 4T, 20W-50. Oyilo ameneyu ali ndi mankhwala a calcium ndi zinc oti azitsuka ndi kuteteza injini ya sampu. Akapsa amasiya phulusa. Phulusalo limamatirira papulagi, pamutu pa pisitoni ndi m'timipata ta malingi. Malingi akamatidwa sakankhanso khoma la silinda, moto umadutsa m'mbali, pisitoni imatentha nkufufuma, injini nkugwira. Nthawi zina phulusa la pamutu pa pisitoni limasanduka khala loyatsa petulo pulagi isanathethetse moto, ndipo pisitoni imabooka pakati penipeni.

Ndiye 4T ayi, ngakhale tsiku limodzi. Nanga 2T wamba, wa makina ochekera matabwa ndi otchetchera udzu? Ameneyo amasakanikirana bwino ndi petulo, koma anapangidwira injini zozizira ndi mphepo, zimene zimatentha kwambiri, ndipo nayenso ali ndi kaphulusa pang'ono. Injini ya boti imazizira ndi madzi a m'nyanja, themositati yake, kavavu kotsegulira njira madziwo, imatseguka pa madigiri pafupifupi 50, ndipo imayenda maola ambiri pa liwiro limodzi. M'kutentha kochepa kotero zotsalira za 2T wamba sizipsa zonse, zimaunjikana.

Oyilo woyenera ndi wolembedwa TC-W3. Umenewu ndi muyezo wa bungwe la opanga maboti ndi mainjini ake ku America lotchedwa NMMA. Oyilo wa muyezo umenewu sasiya phulusa, ndipo ali ndi mankhwala oletsa dzimbiri, chinthu chofunika pa injini imene imagona pamadzi. Musayang'ane chithunzi cha boti pabotolo kapena mtundu wa oyiloyo. Wina ndi wabuluu, wina wobiriwira, wina wofiira, zonsezo ndi utoto chabe woti muzidziwa kuti petulo wasakanizidwa. Yang'anani zilembozo. Pamabotolo ovomerezedwa kawirikawiri pamakhalanso nambala yoyamba ndi RL.

TC-W3 amavuta kupeza m'misika ing'onoing'ono, choncho wopita ku Limbe kapena ku Blantyre ndi bwino kugula wokwanira miyezi ingapo, chifukwa botolo losatsegula silionongeka msanga. Akatheratu ndipo ulendo ndi wosalephereka, 2T wolembedwa JASO FC kapena JASO FD akhoza kukufikitsani, bola muyezo wosakanizira ndi petulo ukhale womwewo ndipo mutenge mapulagi apadera. Mukangopeza woyenera bwererani kwa iye.

Muyezo, ndi chifukwa chake wambiri sathandiza

Mainjini ambiri osakaniza amene akuyenda masiku ano amafuna 50:1, kutanthauza magawo 50 a petulo pa gawo limodzi la oyilo. Pa lita imodzi ndi mamililita 20. Pa malita 5 ndi mamililita 100, pa thanki ya malita 12 ndi 240, pa chigubu cha malita 20 ndi 400, ndipo botolo la theka la lita limakwanira ndendende malita 25. Injini imene yangoikidwa pisitoni ndi malingi atsopano imapatsidwa 25:1, mamililita 40 pa lita, kwa maola 10 oyambirira, osaikoka mpaka kumapeto, kenaka imabwerera ku 50:1.

Zakale kwambiri zili ndi malamulo ake. Johnson ndi Evinrude zopangidwa chisanafike chaka cha 1964 zambiri zimafuna 24:1, mamililita pafupifupi 42 pa lita. British Seagull yakale imafuna 10:1, mamililita 100 pa lita, ndipo zopangidwa pambuyo pake zimayenda pa 25:1. Chifukwa chake nchakuti mainjini otere ali ndi mabushi m'malo mwa mabering'i a timipira kapena tisingano, ndipo mabushi amadalira oyilo wochuluka. Mukaipatsa Seagull 50:1 poganiza kuti oyilo wamakono ndi wamphamvu, mabushi amatha. Mbali inayo, pali Yamaha zina zing'onozing'ono zolembedwa 100:1. Injini yotere ikakalamba ndipo ikunyamula katundu wolemera tsiku ndi tsiku, ife timati ipatseni 50:1, siivulala nazo. Muyezo wa injini yanu kawirikawiri umalembedwa pakapepala komata m'kati mwa chivindikiro kapena pafupi ndi polumikizira paipi ya petulo, ndiye pukutani pamenepo muwerenge musanafunse munthu.

Tsono bwanji osangothira wambiri kuti mtima ukhale m'malo? Kabureta imalowetsa mafuta osakaniza a mlingo wofanana nthawi zonse kudzera pakabowo ka jeti. Oyilo akachuluka, petulo m'mafutawo amachepa, ndiponso osakanizawo amalimba nkumadutsa movutikira. Wotsala osapsa amasanduka mwaye wolimba umene umatseka ekizozi ndi kumata malingi, ndiye mwabwerera ku vuto lomwe lija mumalithawa. Mukaona oyilo wakuda akuchucha pakati pa pulopela ndipo pamadzi pakutsala mzere wonyezimira, mwina mwaonjeza muyezo kapena injini imakhalitsa ikulira pang'onopang'ono osayenda.

Zolakwika zambiri zimachitika poyeza. Kuyeza ndi maso, kapena ndi chitsekerero cha botolo, sikuyeza. Gulani sirinji yaikulu ku famase, muthire madzi mamililita 100 m'botolo loonekera m'kati, mudule chizindikiro ndi mpeni, muonjezere ena 100, mudulenso, mpaka 500. Liumitseni, likhale la ntchito imeneyi yokha. Dziwaninso kuti chigubu chimene timati cha malita 20 chikadzazidwa mpaka pakamwa chimalowa woposa pamenepo, ndiye ngati petulo simunagule papampu, muyezeni. Posakaniza, thirani kaye petulo malita atatu kapena anayi, kenaka oyilo yense, tsekani, khutchumulani kwambiri, kenaka onjezerani petulo wotsalayo nkukhutchumulanso. Oyilo wothiridwa pamwamba pa thanki yodzaza amatsikira pansi pamene paipi imakokera, injini imayamba ndi utsi wadzaoneni nkumalizira ndi petulo wouma. Ndipo chigubu chosakaniza chikhale ndi chizindikiro chake, kansalu komangirira pachogwirira kapena penti, kuti wantchito asatenge chosasakaniza.

Mainjini ena akuluakulu ali ndi kathanki ka oyilo pambali ndi pampu yosakaniza yokha. Pampu yakale imatha kufa osachenjeza. Ikani chizindikiro pakathankipo ndipo muziona ngati oyilo akutsika mogwirizana ndi petulo amene wapita. Ngati amakaniko anaichotsa pampuyo, muyenera kusakaniza nokha m'thanki, ndipo aliyense woyendetsa botilo auzidwe.

Madzi m'petulo

Pali vuto lina limene limanamiziridwa oyilo. Petulo wa m'dziko muno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe, amene wakhala akupangidwa ku Dwangwa kuyambira 1982 ndipo pano amapangidwanso ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya. Kuno kumene mvula imagwa yambiri ndipo chiperoni chimatha masiku chili pansi, chigubu chosatsekedwa bwino chimamwa chinyezi mosaoneka. Madzi akafika pamlingo wina, ethanol amalekana ndi petulo nkutsikira pansi pamodzi ndi madziwo. Oyilo amatsala pamwamba ndi petulo. Paipi ya thanki imakoka za pansi, ndiye injini imalandira madzi ndi ethanol wopanda oyilo ngakhale munayeza bwinobwino. Imavuta kudzuka, imadukiza, ndipo mabering'i amayamba dzimbiri.

Kuyesa nkosavuta. Kokani wa pansi pa thanki ndi kapampu kofinya ndi dzanja ka papaipi ya petulo, muthire m'botolo lagalasi loyera, mulisiye mphindi 10. Mukaona mzere wolekanitsa madzi awiri, kapena petulo ali mbuu, musamugwiritse ntchito. Tsukani thanki, masulani kabawuti ka pansi pa kabureta mutaye zimene zili m'menemo. Petulo wosakaniza asapitirire mwezi ali m'chigubu, ndipo kabowo kopumira ka pachitsekerero cha thanki kazitsekedwa injini ikazima. Petulo wogula m'zigubu m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta muzimuyesa motere nthawi zonse, musanathiremo oyilo wanu wodula. Ethanol amaumitsanso mapaipi akale a mphira ndi kachikopa ka m'pampu ya petulo. Mukaona tizidutswa takuda m'fyuluta, sinthani paipi yonse.

Zimene pulagi ikunena

Yendetsani boti mwamphamvu mphindi zingapo, zimitsani nthawi yomweyo, masulani mapulagi muwaike motsatana ndi masilinda ake. Pulagi yofiirira ndi youma, kapena yonyowa pang'ono chabe, ikusonyeza kuti zonse zili bwino. Yakuda yonyowa ndi oyilo ikusonyeza muyezo wochuluka, moto wofooka kapena injini yosafika pakutentha kwake. Yakuda youma, ya mwaye wofewa, si nkhani ya oyilo, ndi petulo wochuluka: choko sichikutseguka chonse kapena kasingano ka m'kabureta sikakutseka. Ya zokakamira zotuwa zolimba ndiyo umboni wa oyilo wa phulusa. Yoyera mbee, makamaka ikakhala ndi timadontho tonyezimira ta aluminiyamu, ikutanthauza kuti pisitoni yayamba kusungunuka, ndipo injiniyo isadzutsidwenso mpaka itatsegulidwa. Imodzi ikakhala yotsukika kwambiri kusiyana ndi inzake, ndi timadontho ta madzi, gasiketi ya hedi yaphulika.

Musathamangire kusintha nambala ya pulagi pofuna kubisa kuda. Pa NGK, nambala yaikulu ndi pulagi yozizira, yaing'ono ndi yotentha, ndiye B7HS ndi yotentha kuposa B8HS. Yotentha mopitirira imaoneka yoyera koma imaika pisitoni pachiswe. Nambala 10 yolembedwa kumapeto imatanthauza mpata wa milimita imodzi.

Ngati oyilo ndi woyenera, muyezo uli bwino, koma mphamvu palibe, pimitsani kompuresheni. Masilinda akasiyana kupitirira 10 peresenti, vuto lili m'malingi kapena m'silinda, ndipo palibe botolo la oyilo limene lingabwezeretse chitsulo chimene chinatha.

Tinenenso mosabisa kuti mainjini ambiri ogwira sanaphedwe ndi oyilo koma ndi kusowa madzi ozizira. Chilwa ndi nyanja yosaya, yamatope, ndipo Ruo amanyamula mchenga wambiri nthawi ya dzinja. Zonsezi zimadya impela, kamphira kozungulira kamene kamapopa madzi kukwera nawo ku injini. Kamadzi kotuluka kumbuyo kakafooka kapena kuleka, zimitsani pomwepo. Yambani mwatokosa kabowoko ndi kawaya kofewa ndi kuchotsa zinyalala pamabowo olowera madzi kunsi. Zikakanika, ndi impela. Pamadzi ngati athuwa isinthidwe chaka chilichonse, ndipo injini isadzutsidwe pamtunda popanda madzi ngakhale kwa kamphindi. Chinanso: pa injini ya makabureta awiri kapena atatu, imodzi ikatsekeka, silinda yake imasowa petulo ndi oyilo yemwe pamene inzake ikuizunguzabe. Injini ikayamba kuyendera silinda imodzi, musaikakamize kuti mukafike.

Four-stroke

Muyezo wa NMMA wa mainjini awa ndi FC-W, ndipo kulimba kwake kumakhala 10W-30, 10W-40 kapena 20W-40. Nambala yoyamba imanena mmene oyilo amayendera kukuzizira, yachiwiri mmene amalimbira pa madigiri 100. Kumadoko athu madzi saundana, ndiye nambala yoyamba isakuvutitseni. Yachiwiri ndiyo yofunika, ndipo pa injini yakale 40 ndi wabwino. FC-W akasowa, tengani 15W-40 amene pa zilembo za API, muyezo wina wa oyilo wolembedwa pabotolo, pali S, monga SL kapena SJ. Oyilo wamadzimadzi wa magalimoto atsopano, 0W-20 ndi 5W-20, si wa injini ya boti imene imathamanga maola ambiri itasenza. 20W-50 ndiye malire, ndipo ndi wa miyezi yotentha. Akhoza kuchepetsa phokoso ndi utsi pa injini yotha, koma kumbukirani kuti injini ya boti siitentha ngati ya galimoto, choncho oyilo wolimba amachedwa kufika kumtunda kwa mavavu. Mankhwala olimbitsa oyilo ogulitsidwa m'tizitini asiyeni. Wa synthetic si woipa, koma pa injini ya masilo ouma amatulutsa poyera podontha pamene litsiro linkatseka, ndipo ndalama zake ndi bwino kugulira oyilo wamba nkumasintha pa nthawi yake, maola 100 aliwonse kapena miyezi 6, pamodzi ndi fyuluta ngati ilipo.

Vuto lobwerezabwereza pa four-stroke ndi oyilo wokwera yekha pakachitsulo koyezera. Mununkhizeni. Akamveka petulo, ndiye kuti petulo wosapsa akutsikira m'sampu. Chifukwa chofala ndi themositati yochotsedwa. Amakaniko ena amaichotsa poganiza kuti injini izizizira bwino, koma pamenepo injini siifika pa madigiri pafupifupi 60 amene imafunika, petulo ndi chinyezi siziuluka m'oyilo, oyilo amasungunuka nkulephera kuteteza. Bwezeretsani themositati, onani kachikopa ka pampu ya petulo ngati sikanang'ambike, ndipo sinthani oyilo. Akaoneka ngati tiyi wamkaka, mwalowa madzi. Pang'ono pachitsekerero pokha chikhoza kukhala chinyezi cha injini yoyenda maulendo aafupi, koma akakhala sampu yonse ndi gasiketi kapena dzimbiri labooleza njira ya madzi.

Yezani oyilo injini itaima chilili, osati itapendekeka. Ndipo poinyamula pagalimoto kuchokera kunyanja, igonekeni mbali imene opanga analemba pachivindikiro. Mbali inayo oyilo amalowa m'silinda, chingwe chimakana kukoka, munthu nkuganiza kuti injini yagwira. Zikatero masulani pulagi, kokani chingwe kangapo oyilo atuluke, yezaninso sampu.

Dizilo

Dizilo yakale, kaya Lister, Yanmar kapena za ku China za silinda imodzi, imafuna oyilo amene zilembo zake za API zikuyamba ndi C: CF, CH-4 kapena CI-4. 15W-40 amakwanira chaka chonse. SAE 40 wa nambala imodzi ndi wabwinonso kumalo otentha a kumunsi kwa Ruo ndi ku Shire, makamaka pa injini imene yakhala ikumwa ameneyo moyo wake wonse. Oyilo wa dizilo akada patangopita maola ochepa musadandaule, akugwira ntchito yake yonyamula mwaye. Koma mainjini ambiri a silinda imodzi alibe fyuluta yeniyeni, ali ndi kasefa ka waya basi, ndiye mwayewo umazungulira m'injini mpaka mutautsitsa. Tsitsani maola 100 aliwonse injini ikadali yofunda, tsukani kasefako m'dizilo kapena m'parafini, kaume, bwezerani.

Injini imene mwaigula osadziwa mbiri yake, kapena imene yakhala ikuthiridwa oyilo wotsika, imakhala ndi matope akuda m'sampu. Oyilo wabwino amayamba kuwasungunula, ndipo zidutswa zimatha kutseka kasefa. Choncho oyilo woyamba mumutsitse pakatha maola 10 mpaka 20, wachiwiri pa maola 50, kenaka muzitsata 100. Dizilo siikondanso kulira nthawi yaitali yopanda katundu: makoma a silinda amasalala mopitirira, malingi amalephera kugwira, injini imayamba kudya oyilo ndi kutulutsa utsi wabuluu. Mankhwala ake ndi kuipatsa ntchito, osati oyilo wolimba.

Musadzaze kupitirira mzere wa pamwamba. Dizilo ikhoza kuyamba kupsereza oyilo wake womwe nkuthamanga yokha mopenga, osazima ngakhale mutatseka mafuta. Zikachitika, tsekani polowera mpweya ndi thabwa, osati ndi dzanja. Oyilo akamakwera yekha ndi kununkha dizilo, onetsani injekita ndi pampu msanga pa chifukwa chomwechi.

Oyilo wa kunsi

M'giyabokosi ya injini yopachika mumalowa oyilo wa magiya, SAE 90 kapena 80W-90, ndipo Yamaha zing'onozing'ono zimafuna wa GL-4. Yamaha 15 imalowa mamililita pafupifupi 250, ya 25 ndi ya 30 pafupifupi 320, Enduro 40 ya mtundu wa E40X pafupifupi 430. Seagull yakale imafuna wolimba kwambiri, SAE 140. Oyilo wa injini kapena girizi m'menemo zimapha magiya.

Pali timabawuti tiwiri, kapansi ndi kapamwamba. Masulani kapansi, kenaka kapamwamba, oyilo atsike yense. Pothira, lowetsani kudzera pabowo la pansi, mukufinya botolo kapena kupopa, mpaka atulukire pabowo la pamwamba. Mangani kapamwamba kaye botolo likadali pansipo, kenaka chotsani botolo nkumanga kapansi mwachangu. Wothira kuchokera pamwamba amatsekera mpweya m'kati, giyabokosi nkuoneka yodzaza ili theka. Timawashala ta timabawutito tisinthidwe nthawi iliyonse, chifukwa madzi ambiri amalowera pamenepo. Oyilo wotsikayo akakhala wotuwa, kapena madzi akayamba kutuluka oyilo asanabwere, vulani pulopela muone kumbuyo kwake. Kawirikawiri mupeza ulusi wa ukonde utakulungika pashafuti, utadula silo. Pa nyanja yodzaza maukonde ngati Chilwa, kuvula pulopela sabata iliyonse nkuchotsa ulusi ndi ntchito ya mphindi zisanu imene imapulumutsa magiya. Tinyenyeswa tosalala pa maginito a kabawuti kapansi si vuto, koma zidutswa zogwirika ndi zala zikutanthauza kuti mano a giya ayamba kubenthuka.

Pogula

Oyilo wotungidwa m'chigubu chosalembedwa, wogulitsidwa m'mabotolo a zakumwa, simungadziwe chimene ali, ndipo wina amakhala wotsitsidwa m'galimoto nkusefedwa. Mabotolo enieni nawonso amatoledwa nkudzazidwanso. Onani mkombero wa chitsekerero ngati sunaduke, kapepala kotseka pakamwa ngati sikanamatidwenso, ndi nambala yodindidwa pabotolo ngati ikuwerengeka. Donthezani pang'ono papepala loyera: watsopano amasiya banga loyera mofanana, wogwiritsidwa kale ntchito amasiya kadontho kakuda pakati ndipo amanunkha chopserera. Botolo likatha liboozeni musanalitaye. Oyilo wotsitsa musamutaye mumtsinje kapena padoko, pamene anthu amatunga madzi ndi kutsuka matemba. Musungeni m'chigubu chotseka.

Injini ikamira

Madzi osefukira ngati a namondwe Freddy mu March 2023 amamiza maboti ndi mainjini omwe, ndipo ngakhale chaka chabwinobwino injini imatha kugwera m'madzi pokweza. Dzimbiri limayamba pamene mwaivuula, ndiye ntchito ichitike tsiku lomwelo. Itsukeni ndi madzi oyera kuchotsa matope, masulani mapulagi, itembenuzeni mabowo ayang'ane pansi, zunguzani fulayiwilo ndi dzanja pang'onopang'ono. Mukamva mchenga ukukukuta kapena ikulimba penapake, lekani, imeneyo njofunika kuphwasula. Ikazungulira bwino, kokani chingwe mpaka madzi aleke kutuluka, thirani supuni ya oyilo wa TC-W3 m'silinda iliyonse ndi pakamwa pa kabureta, tsitsani kabureta, umitsani mawaya ndi makoyilo. Two-stroke idzutseni ndi petulo watsopano wa 25:1, iyende m'madzi osachepera theka la ola kuti itenthe ndi kuumitsa mabering'i. Four-stroke ndi dizilo zitsitsidwe oyilo zisanadzutsidwe, zithiridwe watsopano, ziyende mphindi 10 mpaka 15, zitsitsidwenso, ndipo mubwereze mpaka oyilo atuluke wosatuwa, kenaka musinthe fyuluta. Ngati amakaniko ali kutali ndipo simungathe kuchita zimenezi tsiku lomwelo, imizeni injiniyo m'mgolo wa madzi oyera kufikira atafika, chifukwa m'madzi dzimbiri limachedwa kusiyana ndi pamphepo.